Afulu a ku Aldabra ndi Mcenga wa ku Seychelles

Pa makalendala amene eni masitolo agawira anthu nthawi ya Khrisimasi, kawirikawiri pakhala cithunzi ca gombe la mcenga woyera ngati ufa, madzi obiriwira, miyala ikuluikulu yosalala ndi mitengo ya kokonati yoweramira m'madzi. Ambiri a ife, pokhala anthu a dziko lopanda nyanja yamcere, tiyesa kuti ndi zojambula ndi manja cabe. Malowo alipo ndithu. Zambiri mwa zithunzi zotere zitengedwa pa gombe lochedwa Anse Source d'Argent, pa cisumbu ca La Digue, m'dziko la Seychelles. Mwezi uno ndifuna ticeze za dziko limeneli, owerenga okondedwa, makamaka za nyama zake, pakuti mbiri ya nyamazo ili ndi zambiri zimene kalendala sationetsa.

Seychelles ndi zisumbu 115 zomwazikana m'nyanja ya India. Cisumbu cacikulu, Mahé, pamene pali mzinda wa Victoria, cili pa mtunda wa makilomita ngati 1,600 kum'mawa kwa gombe la Kenya. Mukaphatikiza nthaka ya zisumbu zonsezo siikwana masikweya kilomita 500, ndipo anthu ake apitirira 100,000 pang'ono cabe. Boma la Chipata lokha liwaposa kutali. Analandira ufulu wodzilamulira mu 1976, ndipo ndi anzathu m'mabungwe a SADC ndi COMESA.

Codabwitsa n'cakuti kufikira caka ca 1770 kunalibe mudzi ngakhale umodzi. Amalinyero anali kuima kutunga madzi ndi kupitirira. Angerezi ena amene anakoceza kumeneko mu 1609 anapeza nkhalango zowirira, ng'ona m'mathithi, mbalame zosadziwa kuthawa munthu, ndi afulu aakulu oti amuna angapo anavutika kunyamula mmodzi. Afalansa ndiwo anayamba kumanga, atabwera ndi akapolo ao, ndipo Angerezi analanda zisumbuzo pambuyo pake. Pomafika 1820 ng'ona zinali zitatha. Angereziwo anasandutsanso dzikoli ndende ya mafumu osamvera. Kabaka Mwanga wa ku Buganda, yemwe uja anapha Karoli Lwanga ndi anzake mu 1886, anafera komweko mu 1903. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tiyeni tione za fulu. Fulu wathu wa m'thengo, amene ana atola pokaweta mbuzi, akwana m'manja awiri. Wa ku zisumbu izi, wamwamuna wokhwima, afika makilogiramu 250, kulemera kwa matumba 5 a cimanga, ndipo akhala ndi moyo zaka zoposa 100. Alipo mmodzi wochuka dzina lake Jonathan, amene anatengedwa ku Seychelles ndi kupita naye ku cisumbu ca St Helena mu 1882 ali wamkulu kale. Akatswiri ayerekeza kuti anaswedwa ca m'ma 1832, ndiye kuti Angoni a Zwangendaba pooloka Zambezi mu 1835 iye anali akudya kale msipu. Mu 2022 anthu a ku St Helena anamcitira phwando la zaka 190.

Kale afulu otere anali pa zisumbu zambiri za nyanja ya India: Mauritius, Réunion, Rodrigues ndi Seychelles yemwe. Cimene cinawaphetsa ndi mphatso yomwe ija imene inawasunga zaka zosawerengeka, ndiko kupirira njala ndi ludzu. Masiku aja zombo zinali kuyenda miyezi yambiri panyanja popanda firiji, ndipo amalinyero anali kudwala cifukwa codya nyama yamcere ndi mabisiketi ouma okhaokha. Tsono anapeza kuti fulu mukamgoneka cagada pansi pa combo akhala wamoyo miyezi ingapo osadya, osamwa, osalira, osathawa. Anasanduka nkhokwe ya ndiwo yoyenda nayo. Mafuta ake anali kukazingira, ciwindi cake ankacitama kuti n'cokoma koposa. Mfalansa wina, François Leguat, amene anakhala pa Rodrigues kuyambira 1691, anasimba kuti afulu anali oculuka kotero kuti munthu akanatha kuyenda pa misana yao mtunda ndithu osaponda pansi. Pakati pa 1732 ndi 1771 anatengedwa pa cisumbu cimeneco afulu oposa 200,000, ambiri kukadyetsa asilikali ndi odwala ku Mauritius, ndipo pomafika ca m'ma 1800 sanatsale ndi mmodzi yemwe. Nkhumba, amphaka ndi makoswe zimene zinatsika m'zombo zinatsiriza mazira ndi ana. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Mitundu ya afulu a ku Rodrigues, Mauritius ndi Réunion lero tiidziwa ndi zigoba za m'nyumba zosungiramo zakale basi.

Malo amodzi okha anapulumuka, ndiwo Aldabra. Cisumbu cimeneci ndi ca Seychelles, cinkana cili kutali ndi Mahé makilomita oposa 1,000, kufupi ndi Madagascar ndi gombe la Tanzania. Cinapangika ngati nkhata: mphete ya miyala yotalika makilomita 34, yozinga thamanda lalikulu la madzi amcere amene alowa ndi kuturuka kawiri pa tsiku. Kulibe mtsinje, kulibe doko labwino, ndipo miyala yake ndi yakuthwa yong'amba nsapato. Kuipa kwa malowo ndiko kunacinga afulu, pakuti munthu sakhalitsa pamene palibe madzi akumwa. Afulu okha ndiwo adziwa makhalidwe ake. Adya m'mamawa ndi madzulo, masana aunjikana pa mthunzi uliwonse umene ungapezeke, pakuti wosowa mthunzi afa ndi kutentha m'cigoba cake comwe, ndipo mvula ikagwa amwa ndi mphuno timadzi totsalira m'timaenje ta m'miyala.

Komabe ngakhale kumeneko alenje anafika, ndipo afulu anacepa kwambiri. Mu 1874 akatswiri a zacilengedwe ku England, pakati pao Charles Darwin, analembera bwanamkubwa wa Mauritius kalata yopempha kuti nyamazi zichinjirizidwe. Pang'onopang'ono zinayamba kuswananso. Lero pa Aldabra pali afulu oposa 100,000, pafupifupi fulu mmodzi pa munthu aliyense wa m'dziko lonselo. Palinso kambalame ka khosi loyera kosauluka, kotsala kokha mwa mbalame zosauluka za pa zisumbu za nyanja imeneyi, ndiponso nkhanu zazikulu zokwera mitengo zimene ziswa kokonati ndi zala zao.

Pali gawo lina la mbiri ya Aldabra limene mabuku okopa alendo salichula, ndipo ine ndiliona kuti ndilo lolemera kuposa onse. Mu 1965 boma la Britain linapatula Aldabra ndi zisumbu za Chagos ndi kuziika pansi pa ulamuliro watsopano, ndi colinga comangapo mabwalo a ndege za nkhondo pamodzi ndi America. Akatswiri a bungwe la Royal Society ku London ndi anzao a ku America anakana kwamtuwagalu. Analemba m'manyuzipepala, anadandaula kwa aphungu, nati ndege ndi misewu zidzaononga afulu ndi mbalame. Mu Novembala 1967, ndalama ya Britain itagwa mphamvu, boma linasiya za Aldabra. Afulu anapulumuka, ndipo mu 1982 bungwe la UNESCO linaika cisumbuco m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

Koma bwalo la nkhondo linamangidwa ndithu, pa Diego Garcia, cisumbu cacikulu ca Chagos. Kumeneko kunalibe afulu ochuka. Kunali anthu, zidzukulu za akapolo ndi anchito a m'minda ya kokonati, amene anakhalako mibadwo ingapo. Pakati pa 1968 ndi 1973 anthu oposa 1,000 anacotsedwa, ena pokanizidwa kubwerera kwao atapita kucipatala ku Mauritius, ena pokwezedwa m'zombo ndi katundu wa m'manja. Agalu ao anaphedwa iwo akuona. Anasiya manda a makolo ao ndi kachalichi kao, nakatayidwa pa madoko a Mauritius ndi Seychelles kumene analibe munda kapena nchito. Sindinena kuti akatswiri aja analakwa kumenyera afulu, anacita bwino ndithu. Cimene cindiwawa n'cakuti fulu anapeza omlankhulira ambiri ku London, pamene mai wa ku Diego Garcia ndi ana ake sanapeze ndi mmodzi yemwe wa mau omveka pa nthawiyo. Khoti la maiko onse la ku The Hague linanena mu 2019 kuti Britain anapatula Chagos mosatsata lamulo, ndipo mu Meyi 2025 Britain ndi Mauritius anasainirana pangano lobweza zisumbuzo, bwalo la nkhondo likhalebe. Ambiri mwa amene anakwezedwa m'zombo zija anamwalira asanaone pepala limenelo.

Tibwerere ku gombe. Mcenga umene mlendo agonapo kuothera dzuwa ndiwo cikuta ca nkhasi za m'nyanja yamcere. Nkhasi zimenezi zikhala m'madzi moyo wao wonse, koma yaikazi ikafuna kuikira iyenera kukwera kumtunda, ndipo ibwerera ku dera lomwe inaswedwera, zitapita zaka 20, 30 kapena kuposapo, cinkana inali itasambira makilomita mazanamazana. Ikumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, iikira mazira oposa 100, ikwirira bwinobwino ndi kubwerera m'madzi osaceuka. Dzuwa ndilo lifungatira. Patapita miyezi ngati 2 ana afukula mcenga usiku onse pamodzi ndi kuthamangira kunyanja. Mwambi uja wakuti liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi ukwanira bwino pamenepa, pakuti nkhanu ndi mbalame zidikira panjira, nsomba zidikira m'madzi, ndipo kuculuka kwao ndiko kupulumutsa owerengeka. Akatswiri ayerekeza kuti mwa ana 1,000 mmodzi yekha afika pa msinkhu woikira. Tianato tidziwa kumene kuli nyanja poona mbali imene kukuwala, kotero hotela ikayatsa magetsi pafupi ndi gombe tisokera kumtunda ndi kufa ndi dzuwa la m'mawa. Cina cimene ambiri sadziwa n'cakuti kutentha kwa mcenga ndiko kusankha ngati mwana adzakhala wamwamuna kapena wamkazi: mcenga ukatentha kupitirira madigiri ngati 29, aculuka ndi aakazi.

Nkhasi nazo zinaphedwa koopsa. Za mtundu umodzi zinali kuphedwera nyama ndi msuzi umene olemera a ku Ulaya anali kuukonda. Za mtundu wina, za mlomo wonga wa kabawi, zinali kuphedwera cigoba cao ca mawanga okongola copangira zipeso ndi zokometsera. Pa Aldabra kupha nkhasi kunaletsedwa mu 1968. Nthawi imeneyo zisa zinali pakati pa 2,000 ndi 3,000 pa caka. Pomafika 2019 zinapitirira 15,000. Onani kutalika kwa nthawi: zaka 50, cifukwa ana a nkhasi zimene zinasiyidwa zamoyo mu 1968 anayamba kuikira ca m'ma 1990, ndipo zidzukulu zao ndizo zikubwera tsopano. Amene anakhazikitsa lamulolo anabzala mtengo umene sanakhale pa mthunzi wake. Mu 1994 Seychelles analetsa kupha nkhasi m'dziko lonse, amisiri osema zigoba anapatsidwa cipukuta misozi kuti ayambe nchito zina, ndipo mu 1998 boma linatentha poyera matani 2.5 a zigoba, monga momwe ife tinatenthera minyanga ya njovu mu 1992. Mfundo ya cipukuta misozi ndiyitama, pakuti lamulo lolanda munthu mpeni wake osampatsa khasu likhala lamulo lopanga mbala.

Nanga mcenga woyerawo ucokera kuti? Pansi pa madzi osaya pali matanthwe ochedwa korali. Aoneka ngati miyala ya nthambi ndi maluwa a mitundumitundu, koma amangidwa ndi tizilombo tating'onoting'ono tokhala pamodzi miyandamiyanda, kalikonse m'kanyumba kake ka laimu. M'matupi mwa tizilomboti mukhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zipanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa ndi kugawira mwini nyumba. Nderezo ndizo zipatsa korali mtundu wake. Pali nsomba ina ya mano olumikizana ngati mlomo wa cinkhwe imene ipala matanthwewo pofuna ndere, ipera mwalawo m'mimba ndi kuuturutsa uli fumbi loyera. Mafunde nawo aphwanya zigoba ndi nthambi zakufa. Ndiye kuti gawo lina la mcenga umene alendo alipirira ndalama zambiri kuti agonepo linadzera m'matumbo a nsomba. Matanthwe omwewo ndiwo aswa mphamvu ya mafunde asanafike ku nyumba za anthu, ndipo ndimo muswana nsomba zimene asodzi akola m'miono yao.

Tsoka la korali ndi kutentha. Madzi akatentha kuposa mwa masiku onse ndi digiri imodzi kapena ziwiri kwa masabata angapo, tizilombo tija titaya ndere zao, thanthwe liyera mbuu ngati mafupa, ndipo kutenthako kukapitirira lifa ndi njala. Mu 1998 zinacitika motero, ndipo pa zisumbu zozungulira Mahé panafa korali pafupifupi 90 mwa 100 alionse. Akatswiri amene anatsatira matanthwe 21 kwa zaka zambiri anapeza kuti 12 anayamba kucira, koma 9 anakutidwa ndi zomera za m'nyanja osabwereranso. Amene anacirawo anapsanso mu 2016. Dzina la cimene cibweretsa kutenthaku talizolowera ife omwe pa wailesi: El Niño. Ndi yemweyo amene anaumitsa cimanga cathu mu 2016 ndi mu 2024, madzi a ku Kariba nacepa, magetsi nazima. Mlimi wa ku Petauke ndi msodzi wa ku Praslin sadziwana, koma alira maliro amodzi caka cimodzi.

Popeza ndachula Praslin, sindingapitirire mtengo wake. M'cigwa cochedwa Vallée de Mai mumera mtengo wa pa cibale ndi mgwalangwa wathu, dzina lake coco de mer, umene sumera wokha kwina kulikonse koma pa Praslin ndi pa kacisumbu ka Curieuse. Ulipo mtengo waumuna ndi mtengo waukazi. Cipatso cake citenga zaka 6 kapena 7 kuti cikhwime, ndipo njere yake, yolemera kuposa njere zonse za pa dziko lapansi, ifika makilogiramu 18 ndi kuposapo. Kale njerezi zinali kutoledwa pa magombe a Maldives anthu osadziwa kumene zicokera, nayesa kuti mtengo wake umera pansi pa nyanja. Maonekedwe a njereyo sindiwafotokoza, pakuti magazini ino iwerengedwa ndi ana omwe; ndingoti afanana ndi thupi la munthu m'njira yocititsa manyazi. Msilikali wochuka wa Angerezi, General Charles Gordon, atafika kumeneko mu 1881 anatsimikiza mtima kuti wapeza munda wa Edeni, nati coco de mer ndiwo mtengo wodziwitsa zabwino ndi zoipa. Akulu a Mpingo sanavomerezepo zimenezo, ndipo ine ndiganiza kuti Heva akanafuna nkhwangwa kuti adye cipatso cotere. Cofunika kwa ife n'cakuti ndalama zimene alendo alipira pa cipata ca Vallée de Mai zithandiza kulipira alonda ndi akatswiri a pa Aldabra, pakuti malo awiriwa asungidwa ndi bungwe limodzi, Seychelles Islands Foundation.

Apa ndipo pali mfundo yovuta kumasula. Dzikoli lidya za alendo ndi za nsomba. Mu 2019 kunafika alendo oposa 380,000, kuposa eni dziko katatu, ndipo mu 2020, ndege zitaima cifukwa ca mliri wa korona, cuma cinagwa cagada. Popanda alendo palibe ndalama zosungira nyama. Koma mlendo aliyense afuna cipinda coyang'ana kunyanja, madzi osamba, magetsi ndi nsomba pa mbale, ndipo cipindaco cimangidwa pa mcenga womwe uja wa nkhasi. Ife a ku Luangwa tiidziwa nkhani imeneyi. Boma la Seychelles linayesa njira ina imene ife odziwa kuwawa kwa nkhongole tiyenera kuimvetsera. Mu 2016 linagwirizana ndi bungwe la The Nature Conservancy kuti gawo la nkhongole yake, madola ngati 21 miliyoni, ligulidwe ndi kubwezedwa mofewa, ndipo dzikolo linalonjeza kuchinjiriza magawo 30 mwa 100 a nyanja yake. Lonjezolo linakwaniritsidwa mu Malici 2020: masikweya kilomita 410,000, malo oposa theka la Zambia. Kulemba malire pa mapu n'kosavuta. Kulonda nyanja yaikulu cotero ndi mabwato owerengeka ndiyo nchito.

Ndipo pali mdani amene salabadira malire. Mu 2019 anyamata ndi atsikana a ku Seychelles pamodzi ndi ophunzira a ku Oxford anakhala masabata 5 pa Aldabra akutola zinyalala zimene mafunde alavula pa gombe. Kumbukirani kuti pa cisumbuco palibe sitolo, palibe msika, pakhala alonda ndi akatswiri owerengeka cabe. Anatola matani 25, nayerekeza kuti patsala matani oposa 500. Zolemera kwambiri zinali maukonde, zingwe ndi zoyandamitsa zotayidwa ndi zombo zazikulu zopha nsomba, zimene zikola nkhasi pokwera kukaikira. Zina zinali mabotolo, zotsekera zake ndi zoyatsira fodya zocokera ku maiko a kutsidya kwa nyanja. Mapatapata okha, onga omwe tivala ife popita kukasamba, anawerenga 60,000.